Asanaike CV pa intaneti, lova ayambe wafunsa kuti tsambalo ndi la yani

Mu Juni 2020 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti ukufuna alangizi a zaumoyo a m'madera, ndipo aliyense amene ali ndi zomuyenereza angofika yekha ndi mapepala ake pamalo ochitira mayeso. Achinyamata anayamba kukhamukira m'malowo kusanache. Ku Mzuzu, pa sukulu ya sekondale ya Katoto, anthu anapanikizana mpaka ena kupondedwa, ndipo ambiri tsikulo anakalithera kuchipatala osaonana n'komwe ndi ofunsa mafunso. Amene anaona zithunzi zake sangaiwale namtindi wa anthu uja, aliyense atakumbatira envelopu ya khaki pachifuwa.

Khamu limenelo silinabalalike ayi, linangosamukira m'mafoni. Masiku ano mnyamata amene wangomaliza kumene ku MUBAS, kapena mtsikana wa dipuloma ya zowerengera ndalama amene wakhala pakhomo zaka zitatu, amagula bandulo ya tsiku limodzi n'kuyamba kuika CV yake pa tsamba lililonse la ntchito limene Google yamubweretsera. Anzake amamulimbitsa mtima kuti angoponya paliponse, poti mwayi sudziwika kochokera. Akazimitsa foni amadzimva kuti wasaka ntchito mokwanira. Kenako miyezi imadutsa kuli zii, kupatula mauthenga a anthu osawadziwa omuuza kuti wasankhidwa, ndipo atumize kangachepe ka fomu dzuwa lisanalowe.

Malangizo oponya paliponsewa ndi olakwika, ndipo akupweteka anthu amene ulova wawapweteka kale. Masamba awiri kapena atatu osankhidwa mofatsa amathandiza kuposa makumi awiri ongodumphirapo. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo pa nkhani ya CV kugwako n'kowawa, chifukwa chimene munthu amataya si bandulo yokha. Amasiya mbiri ya moyo wake wonse m'manja mwa anthu amene sadzawaona nkhope.

Wofuna kusankha bwino ayambe ndi kumvetsa kumene masambawa amapeza ndalama. Limodzi mwa akale kwambiri ndi Monster, limene Jeff Taylor analiyambitsa ku America mu 1994, ndipo njira yake ndi imene ambiri akutsatirabe. Wofuna ntchito amalembetsa ulere. Wolipira ndi wolemba ntchito: amalipira kuti chilengezo chake chioneke, amalipiranso kuti alowe m'nkhokwe ya ma CV n'kusanthula anthu amene akuwafuna. Choncho chimene tsamba limagulitsa ndi ma CV omwewo, pamodzi ndi kuchuluka kwa anthu amene amabwera kudzawerenga. Pamene Microsoft inkagula LinkedIn mu 2016 pa mtengo wa madola 26.2 biliyoni, sikuti inkasirira maofesi kapena makompyuta. Inkagula mbiri za anthu mamiliyoni mazanamazana amene analemba okha kumene anaphunzira, kumene akugwira ntchito, ndi amene amadziwana nawo. Kampani ya ku Japan ya Recruit Holdings nayo inagula Indeed mu 2012, n'kuwonjezera Glassdoor mu 2018.

Malonda amenewa pawokha alibe choipa. Koma akuulula chinthu chimene ofuna ntchito ambiri sachiganizira, chakuti CV imene ili m'nkhokwe imaonedwa ndi okhawo amene ali ndi chilolezo chotsegula nkhokweyo. Ngati mabwana a m'dera limene munthu akukhala, ndiponso a ntchito imene iye anaphunzira, salowako ku tsamba limenelo, CV yake ikhoza kugona mmenemo zaka khumi osatsegulidwa ndi aliyense wofuna kumulemba. Indeed ndi tsamba lalikulu ndithu, lili m'mayiko oposa 60, koma ku Africa kuno nthambi zake zili m'mayiko ochepa monga South Africa ndi Nigeria. Namwino wa ku Ntcheu amene akufuna ntchito pachipatala cha mishoni sapindula kanthu ndi kukula kwa Indeed. Mchimwene wake amene ali ku Johannesburg ndi chilolezo chogwirira ntchito akhoza kupindula nalo, pamodzi ndi PNet ndi Careers24, chifukwa makampani a ku Joni amasakiradi anthu kumeneko.

M'dziko muno ntchito zambiri zolembedwa mwadongosolo zimalengezedwabe mu The Nation ndi The Daily Times, ndipo za boma zimadutsa m'makomishoni ake monga Civil Service Commission, Health Service Commission ndi Teaching Service Commission. Masamba ngati Careers Malawi ndi Job Search Malawi, kapena GoZambiaJobs kwa abale a ku Chipata ndi Lusaka, phindu lawo lalikulu ndi kusonkhanitsa zilengezo kuti munthu wa ku Nsanje kapena Chitipa, kumene nyuzipepala imafika mochedwa, aziwerenga pa foni tsiku lomwelo. Imeneyi ndi ntchito yabwino, yoyenera kuyamikiridwa. Ofuna kulowa m'mabungwe othandiza anthu ali ndi ReliefWeb, tsamba limene linayamba mu 1996 ndipo limayendetsedwa ndi OCHA, nthambi ya United Nations yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Kuwerenga zilengezo zake n'kwaulere.

Pamenepa pali msampha umene wagwetsa ambiri. Zilengezo zochuluka zimanena momveka kuti kalata itumizidwe ku imelo yakuti, ku bokosi la positi lakuti, kapena kudzera pa tsamba la bungwe lenilenilo. Munthu amene wangoika CV pa tsamba losonkhanitsa zilengezo n'kukhala pansi kudikira, sanafunsire ntchito iliyonse. Dzina lake silinafike pa tebulo la bwana aliyense, ndipo tsiku lotsekera likadutsa amangoti kunja kuno kulibe chilungamo.

Kuyesa tsamba sikufuna ukatswiri, kumangofuna kudekha kwa sabata imodzi. Munthu asanaikepo kanthu ayambe waliwerenga masiku angapo. Kodi zilengezo zake zili ndi tsiku limene zinaikidwa komanso tsiku lotsekera? Kodi dzina la kampani likutchulidwa, kapena nthawi zonse ndi "kampani ina yotchuka"? Ntchito imene yalengezedwayo ikupezekanso m'nyuzipepala kapena pa tsamba la kampaniyo? Tsamba limene likuonetsabe ntchito zimene zinatsekedwa chaka chatha, limene silinena mwini wake ngakhale kumene kuli ofesi yake, silili kumbali ya lova. Likungofuna anthu odina zotsatsa malonda zimene zadzaza m'mphepete mwake.

Komabe nkhani yaikulu ili m'CV mwenimwenimo. CV ya Mmalawi imalankhula zambiri kuposa zimene wolemba ntchito amafuna kumva. Anyamata otayipa m'mashopu a fotokope amangotsegula chitsanzo chimene chili kale m'kompyuta n'kusintha dzina, ndipo chitsanzocho chimafuna tsiku lobadwa, mudzi, mfumu yaikulu, boma, mpingo, ngati munthu ali pabanja, nambala ya chiphaso cha unzika, ndi chithunzi pamwamba. Pansi pake pamabwera mayina ndi manambala a foni a anthu atatu omuchitira umboni, amene kawirikawiri amakhala aphunzitsi aakulu, abusa ndi bwana wakale. Ena amamatirizanso satifiketi ya MSCE ndi chiphaso mbali zonse ziwiri. Mapepala otere akapita ku ofesi imodzi yodziwika, vuto limachepa. Akamwazidwa pa masamba makumi awiri, mbava yapatsidwa zonse zofunika kuti idzinamizire kukhala iyeyo, kapena kuti iimbire abale ake n'kulankhula ngati munthu womudziwa kuyambira ubwana, kutchula mudzi ndi mpingo mosaphonya. M'dziko limene nambala ya foni inalumikizidwa ku chiphaso cha unzika, ndipo nambala yomweyo ndi imene imasunga ndalama za Airtel Money kapena Mpamba, zimenezi si zachibwana. Ndipo abusa aja anavomera kuchitira umboni mwana wa mumpingo mwawo, sanavomere kuti nambala yawo ikhale m'nkhokwe za anthu osawadziwa.

Ena amati masamba akuluakulu akunja ndiwo otetezeka. Mbiri yawo ikukana. Mu Ogasiti 2007 akuba a pa intaneti anagwiritsa ntchito mawu achinsinsi amene anabera olemba ntchito, n'kulowa m'nkhokwe ya Monster, n'kutengamo mayina, maadiresi, manambala a foni ndi maimelo a anthu pafupifupi 1.3 miliyoni. Zimenezi anazigwiritsa ntchito potumiza makalata onyenga ooneka ngati achokera ku Monster komweko. Mu 2012 LinkedIn inaberedwa mawu achinsinsi a mamembala ake. Poyamba zinkamveka kuti ndi 6.5 miliyoni, koma mu 2016 zinadziwika kuti okhudzidwa anaposa 100 miliyoni. Palinso funso la kumene CV imalowera kampani ikasintha eni. Monster inagulidwa ndi Randstad mu 2016, inaphatikizana ndi CareerBuilder mu 2024, ndipo mu Juni 2025 kampani yophatikizanayo inakagwada kukhoti kuti ngongole zaikulira, katundu wake n'kugulitsidwa. Munthu amene anaika CV yake pamenepo kalekale n'kuiiwala sanafunsidwe kuti mwini watsopano akhale ndani.

Njira yodzitetezera ilipo, ndipo siidya ndalama. Munthu akhale ndi ma CV awiri. Yoika pa intaneti ikhale ndi dzina, tauni, imelo, maphunziro ndi ntchito zimene wagwirapo, basi. Yokwanira bwino, ya manambala a ochitira umboni ndi zithunzi za masatifiketi, izipita kwa wolemba ntchito wodziwika, pamene waipempha. Masamba abwino amapatsanso munthu mphamvu yosankha amene angaone CV yake. Pa Indeed munthu akhoza kuibisa kuti isapezeke kwa osanthula m'nkhokwe, ndipo pa LinkedIn chizindikiro cha Open to Work chikhoza kuoneka kwa olemba ntchito okha m'malo moonekera gulu lonse. Kwa mayi amene ali kale pantchito ndipo akusaka ina mwakachetechete, kusankha kumeneku n'kofunika ngati malipiro ake a mwezi wamawa. Tsamba limene lilibe njira yobisira CV kapena yofufutira akaunti lisapatsidwe ngakhale dzina.

Lamulo nalo layamba kulankhulapo. Data Protection Act ya 2024 inapatsa bungwe la MACRA udindo woteteza mbiri za anthu, ndipo imalola munthu kufunsa zimene kampani ikusunga zokhudza iye, n'kupempha kuti zikonzedwe kapena zifufutidwe. Ku South Africa lamulo lofanana nalo, POPIA, linayamba kugwira ntchito mokwanira mu Julayi 2021. Koma lamulo limagwira munthu wodziwika kokhala. Tsamba lopanda mwini wodziwika palibe amene angalitumizire samani.

Pa nkhani ya ndalama ndiye palibe zokambirana. Tsamba, ejenti, kapena munthu aliyense wodzitcha bwana wa HR amene akupempha ndalama ya fomu, ya kupimidwa kuchipatala, ya yunifomu kapena yosungira malo, asiyidwe pomwepo. Pangano nambala 181 la bungwe la ILO, la 1997, linakhazikitsa mfundo yakuti ma ejenti asamalipiritse ofuna ntchito. Ku South Africa, Employment Services Act ya 2014 imaletsa mchitidwewu, ndipo ku Britain lamulo la 1973 linauletsa kale, kupatula pa ntchito zochepa monga za zisudzo. United Nations imalemba pa zilengezo zake kuti siilandira ndalama pa gawo lililonse la kulemba anthu ntchito, ndipo mabungwe ake amatulutsa machenjezo pafupipafupi chifukwa akamberembere amakonda kubwereka mayina awo. Bungwe lalikulu likamayankha kudzera pa adiresi ya Gmail, kapena likamachititsa mayeso onse pa WhatsApp, munthu akhale tcheru.

Amene amangotaya K20,000 ya fomu ndi amwayi poyerekeza ndi ena. Mu Malichi 2024 BBC Africa Eye inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anapezeka ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, ena atakopedwa kudzera pa Facebook. Atafika analandidwa mapasipoti n'kugwiritsidwa ntchito za m'nyumba ngati akapolo, pansi pa dongosolo la kafala limene limamangirira wantchito kwa bwana mmodzi. Pililani Mombe Nyoni, Mmalawi wokhala ku America, ndi amene anatsegula gulu la WhatsApp limene amayiwo anayamba kusimbirana mavuto awo, ndipo oposa 50 anabwerera kwawo. Mu Okutobala chaka chomwecho Associated Press inalemba za atsikana a ku Africa amene anayankha zilengezo za pa masamba a mchezo zolonjeza maphunziro, ntchito ndi tikiti yaulere ya ndege, n'kukapezeka ku Alabuga, m'chigawo cha Tatarstan ku Russia, akulumikiza ndege zankhondo zopanda woyendetsa. Ndipo mu Ogasiti 2023 ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inanena kuti anthu osachepera 120,000 ku Myanmar ndi ena pafupifupi 100,000 ku Cambodia akhoza kukhala akusungidwa m'malo owakakamiza kubera anzawo pa intaneti. Ambiri mwa iwo ndi anthu ophunzira, odziwa kompyuta ndi Chingerezi, amene anayankha chilengezo cha ntchito chooneka bwinobwino. Sukulu siinawateteze.

Kufuna ntchito kunja si tchimo, ndipo makomo ambiri ku Mangochi, Mzimba ndi Nkhata Bay anafoleredwa malata ndi ndalama za ana amene ali kunja. Chofunika ndi kudziwa pokhomera. Boma la Britain limasindikiza pa GOV.UK mndandanda wa makampani amene ali ndi chilolezo cholemba anthu ochokera kunja, ndipo aliyense akhoza kuuona mwaulere. Kampani imene mulibe m'menemo singapezere munthu viza ya ntchito, ngakhale chilengezo chake chikongole bwanji. Kuyambira pa 22 Julayi 2025 Britain anatseka njira yolembera anthu atsopano ochokera kunja pa ntchito yosamalira okalamba ndi odwala m'makomo, choncho amene akugulitsabe malo a ntchito imeneyi kwa munthu amene ali ku Lilongwe kapena Harare akugulitsa mphepo. Anamwino ndi madokotala adziwenso kuti Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique ali pa mndandanda wa 2023 wa bungwe la WHO wa mayiko 55 amene ali ndi azaumoyo ochepa kwambiri, ndipo mfundo za boma la Britain sizilola ma ejenti kukasaka azaumoyo m'mayiko amenewa. Namwino akhoza kufunsira yekha pa NHS Jobs, mwachindunji kwa wolemba ntchito. Ejenti amene wabwera kudzamukopa waphwanya kale mfundo za dziko limene akunena kuti akumutengerako.

Tsamba likasankhidwa bwino, patsala vuto lina laling'ono. Mabungwe akuluakulu amalandira makalata kudzera m'mapulogalamu monga Workday ndi Taleo, amene amawerenga CV n'kuisanja munthu asanaione. CV yojambulidwa ndi foni, kapena yodzaza ndi mabokosi ndi zokongoletsa, pulogalamuyo imavutika kuiwerenga. Kafukufuku wa Harvard Business School ndi Accenture wa 2021 anapeza kuti olemba ntchito 88 mwa 100 alionse amavomereza okha kuti anthu aluso, oyenerera ntchito, amasefedwa chifukwa choti sakufanana ndendende ndi zimene zinalembedwa m'chilengezo. Ndiye CV imodzi yomwe ija, yoponyedwa mofanana kwa banki, kwa bungwe la zaulimi ndi kwa kampani ya mafoni, siingapambane. Ola limene likanathera polembetsa pa masamba asanu osadziwika ndi bwino lithere pokonza kalata imodzi kuti iyankhe chilengezo chimodzi, ndi mawu amene chilengezocho chagwiritsa ntchito.

Pali chifukwa chimene LinkedIn ikuyenera kukhala pakati pa masamba awiri kapena atatu aja, makamaka kwa owerengera ndalama, a zamakompyuta, ainjiniya ndi a m'mabungwe. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Mark Granovetter analemba mu 1973 kuti nkhani ya ntchito imafika kwa munthu kudzera mwa anthu amene amangodziwana nawo patali kuposa mwa anzake apamtima, chifukwa apamtimawo amadziwa zomwe iyenso akudziwa kale. Mu 2022 magazini ya Science inasindikiza kafukufuku wa anthu 20 miliyoni a pa LinkedIn amene anatsimikiza mfundoyi. Ena akamva zimenezi amaganiza za kukondera ndi "mwana wa ndani," matenda amene akuwononga maofesi ambiri m'dziko muno. Koma izi n'zosiyana. Mnzake wa ku koleji amene watumiza uthenga wakuti bungwe lakuti likufuna munthu, ndipo tsiku lotsekera ndi Lachisanu, sanabere aliyense malo. Wangofikitsa uthenga kwa munthu amene akanauphonya.

Katundu yense asasenzedwe lova yekha. Eni masamba a ntchito m'dziko muno ayenera kulemba poyera dzina la kampani yawo, kumene kuli ofesi, ndi mmene munthu angafufutire CV yake. Ayeneranso kuimbira kampani imene yatchulidwa m'chilengezo asanachitulutse, chifukwa chilengezo chabodza chimodzi chikafika pa tsamba lodalirika chimafalikira m'magulu a WhatsApp mazanamazana pofika madzulo. MACRA, poti tsopano ili ndi lamulo m'manja, iyambire pa masamba amenewa, pakuti ndi malo ochepa amene amasunga mbiri za achinyamata mochuluka chotere. Ndipo mndandanda wa ma ejenti amene Unduna wa Zantchito ukuwadziwa kuti amatumiza anthu kunja movomerezeka uyenera kupezeka mosavuta pa foni, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, n'kumawerengedwanso pa MBC ndi pa wailesi za m'madera, kuti mayi wa ku Machinga amene walandira uthenga wa ntchito ya ku Oman athe kuuyang'ana asanapite ku Immigration kukapangitsa pasipoti.